Mlandu wa Kanyumba ka Masamu

Ndinakwatira kumudzi komwe msewu wa tala ndiwo malire a dziko. Ukaima mbali ino uli m'Malawi, ukawoloka kukagula mchere uli ku Mozambiki. Nkhuku zathu zimagona kuno n'kumakadya kunja kwa dziko tsiku ndi tsiku, popanda wozifunsa chiphaso. Ndine mkamwini, ndipo amene anakhalapo pachikamwini akudziwa: ana ndimabereka ndine, koma eni ake ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Ine changa n'kugula yunifolomu.

Alamuwa anaphunzira tsidya la msewu, kwa bambo awo. Sukulu anaisiyira panjira, koma masamu anakana kuwasiya. Chaka chimene mwana wanga wachisamba, mtsikana, anali mu Sitandade 5, iwo anangolengeza kuti madzulo aliwonse azimuphunzitsa. Sanandifunse. Amene amafunsidwa ndi munthu, osati mkamwini.

Mwanayu anali atabwerezapo kale kalasi ina, ndipo mlongo wake wamng'ono anali atamuyandikira, ali mu Sitandade 4. Tsiku lina akusenda mbatatesi anangoti, "Ababa, uyu akandipeza m'kalasi, ine sukulu basi. Ndizikagulitsa pamsewu." Mwana ameneyu sayankhula zoseweretsa. Anatengera kuchimuna.

Vuto loyamba linali mayina. Kuyambira Sitandade 1, kamtanda koongoka kanali kuphatikiza, kamzere kogona kuchotsera, kamtanda kopendekeka kuchulukitsa, ndipo kamzere ka madontho awiri kugawa. Atafika mu Sitandade 5, aphunzitsi anazibatiza zonse mwatsopano: pulasi, mayinasi, tayimusi, divayidi. Madzulo alamu ankabwera ndi ubatizo wachitatu, wa Chipwitikizi: maishi, menushi, vezishi. Kamtanda kamodzi mayina atatu! Ngakhale munthu wothawa apolisi safika pamenepo. Ndikulumbira, tsiku lina ndinamufunsa mwanayo kuti ziwiri ndi ziwiri zikhala zingati, iye n'kuti, "Za dziko liti?"

Koma mayina tikanapirira. Chimene chinatigwetsa ndi masamu ogawa aatali aja. Kuno timajambula kanyumba: nambala yaikulu imakhala m'kati, yogawira imaima panja kumanzere, yankho limakwera padenga. Tsidya lija zonse n'zotembenuka. Nambala yaikulu imasiyidwa pabwalo, yogawira imalowa m'kakona kumanja, yankho amalikwirira pansi pake.

Aphunzitsi ake, mayi wodekha kwambiri, anandiitanitsa.

"Bambo, mwana wanu si mbuli ayi. Koma tandiuzani, kunyumbako akumumangira masamu ndani?"

Analemba pabolodi zimene mwana wanga anali kuchita. Samu yake inali 84 kugawa ndi 4. Kanyumba anajambula ka ku Malawi, bwinobwino. Koma m'katimo anagonekamo 4, ndipo 84 yense anamusiya panja, pachisanu cha ku Dedza. Yankho silinali padenga, silinali pansi. Linali pakhoma, chammbali, ngati buluzi.

"Akapitiriza chonchi abwereza," anatero aphunzitsi. "Muwauze amene akumuphunzitsawo ayambe apuma."

Muwauze! Mawuwo ndi opepuka ukakhala kuti sukhala pamudzi pa eni ake.

Ndinayamba ndi akazi anga. Iwo anati, "Kawauzeni nokha. Ine anandibereka kumbuyo ndili khanda, ndiye lero ndikawaphunzitse masamu?"

Alamu ndinakawapeza kudimba akuthirira kabichi. Ndinayamba ndi kuyamikira kabichiyo, kenako mbewu yake, kenako chitini chothiriracho.

"Alamu, aphunzitsi akuti yankho lizikhala padenga."

"Padenga? Ndi mfutso kodi?"

"Akuti ndi mmene amalembera kuno."

Anatula chitini. "Alamu, inu munabwera pano ndi kachikwama kamodzi ndi khasu lobwereka. Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. M'banja muno yankho limakhala pansi."

Ndinabwerako nditanyamula kabichi mmodzi amene sindinapemphe.

Mkamwini zikamukanika ali ndi khomo limodzi lokha, la ankhoswe. Ndinatumiza uthenga kwa nkhoswe yanga, achimwene anga a ku Kasina, kuti pakhomo pavuta. Anapalasa njinga m'mamawa wa mwezi wa Julaye, kukuzizira moti moni amene anandipatsa pofika ndinamumva dzuwa litakwera, atasungunuka. Ndikanama ndife. Anabwera atakonzekera ukwati wotha, jekete la kumaliro lili pathupi.

Apa ndiye ndinakumbukira chimene ndinayenera kukumbukira poyamba. Nkhoswe ya akazi anga ndi alamu omwewo.

Tinayala mphasa padzuwa. Achimwene anatsokomola n'kufunsa, "Wamenya mkazi?"

"Ayi."

"Wapezeka ndi wina?"

"Ayi, achimwene. Ndi masamu ogawa."

Anayang'ana njinga yawo nthawi yaitali ndithu.

Ndinafotokoza dandaulo langa lonse, alamu akumvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, mwina n'kumati, "Pepani, pepani." Nditamaliza anati, "Ine monga nkhoswe, dandaulo ndalimva ndipo landikhudza. Koma monga malume wa mwana, ndikulikana."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi kakona kawo. Ine ndinajambula kanyumba kanga. Iwo anapeza 21, ine ndinapeza 21. Mukuganiza kuti nkhani inathera pamenepo? Ndi pamene inayambira. Iwo ankati 21 wanga ali poyera, mphepo imuulutsa. Ine ndinkati wawo ali kumanda. Apongozi anga aakazi anatulukira kuseri kwa nkhokwe kudzafunsa ngati tikugawana ana. Mbuzi inadutsa n'kuponda nyumba zonse ziwiri, tinamanganso.

Achimwene, amene masamu awo anathera pa kuchotsera, anatopa. Anaitana mwana uja. Anabwera n'kugwada chapatali.

"Iwe, pa nyumba ziwirizi, yako ndi iti?"

"Zonse ndimazidziwa."

"Nanga bwanji ukulakwa?"

"Ndikajambula ya aphunzitsi, ndimamva ngati amalume akutsokomola kumbuyo kwanga. Ndikajambula ya amalume, ndimaona cholembera chofiira. Ndiye ndimatengako uku ndi uku, kuti wina asakhumudwe." Kenako anawonjezera kuti, "Koma musavutike. Beseni logulitsira ndapeza kale, andibwereka anzanga."

Kuchokera pamene tinakhalapo msewu umaoneka. Minibasi inali itangoima, ndipo atsikana a msinkhu wake anali kuithamangira, mabeseni a mbatatesi ndi tomato ali pamutu, akukankhana pamawindo. Alamu anayang'ana komweko mpaka minibasiyo inanyamuka. Kenako anafufuta kakona kawo ndi phazi, pang'onopang'ono, ngati si iwo.

"Ine monga malume sindinagonje," anatero. "Koma monga nkhoswe ndagamula. Mwanayu ndikumubwereketsa ku masamu a boma mpaka mayeso atatha. Iwe, ukaike yankho padengapo. Likagwa usadzandifunse."

Anagamulanso kuti wodandaula aphe nkhuku, poti wasonkhanitsa akuluakulu. Wodandaula ndinali ine. Tambala wanga yekhayo anadyedwa masana omwewo, ndipo chiwindi chinapita kwa woimbidwa mlandu.

Masabata otsalawo ndinamuphunzitsa ndekha, ndi mayina a aphunzitsi okhaokha. Alamu ankadutsa pafupi ndi khonde atayang'ana kumwamba, milomo atailuma moti inatupa.

Tsiku lotsekera sukulu tinakakhala pabwalo, aphunzitsi aakulu akuitana mayina a okhoza. Anaitana, anaitana, mpaka ine ndinayamba kuganiza za mtengo wa beseni latsopano. Dzina lake linatuluka cha kumapeto kwenikweni, pamene anthu anali atatopa kale kuwomba m'manja. Koma linatuluka. Alamu anadzuka n'kuvina pakati pa bwalo, akuuza aliyense kuti mwana ameneyu anamuphunzitsa ndi iwo, bambo ake amangogula yunifolomu. Anthu anabwera kudzawagwira chanza, ena kuwapempha kuti awathandizireko ana awo. Ine ndinaima kumbuyo nditawanyamulira chipewa.

Sukulu itatsegulidwanso, mwana wanga analowa Sitandade 6, mlongo wake Sitandade 5. M'mawa uliwonse ankanyamuka yekha msanga, kuti anthu asaganize kuti akupita kalasi imodzi.