Sadaka ya Zuwena

Che Uledi ndinawadziwa nditangokwatiwa ndi malemu Davison, popeza nyumba zathu ku Ingagula, m'tauni ya migodi ya malasha kuno ku Zimbabwe, zinali zoyang'anana. Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Kasupe, ku Malawi, nalowa pansi pa mgodi ngati malayisha, wopakira malasha ndi fosholo. Patapita zaka anakhala kapitawo, ndipo mwamuna wanga anaphunzira ntchito m'manja mwawo. Mawondo atakana anapuma, n'kumakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwana wawo Mansur.

Kumudzi kunatsala mlongo wawo mmodzi, Zuwena, wamng'ono kwa iwo. Anaonana naye komaliza Malawi atangolandira ufulu. Kenako nkhondo ya kuno inatseka maulendo, ana anabadwa, makalata anasiya kuyankhidwa. M'chaka cha 2006, akazi awo atamwalira, m'masitolo mukusowa ngakhale ufa, Che Uledi anatsimikiza mtima zobwerera kuti akafere pakhomo pa mlongo wawoyo. Mansur anavomera kuwaperekeza, koma anati ayambe adziwa ngati kuli munthu wowalandira.

Wina kumzikiti anauza Che Uledi kuti pa intaneti pali tsamba la boma la Amereka pomwe analembapo za dziko lililonse. Iwo sanakayike. Kampani ya mgodi inkadziwa mudzi ndi mfumu ya wantchito aliyense, nanga boma lalikulu chotero lingalephere bwanji?

"Mayi a Sinikiwe," anandiitana ndikuthirira ndiwo, "inu munafika fomu 3. Tiyeni mukandimasulire Chingerezi. Ana angawa akamamasulira amathiramo Chindebele, ine n'kutsala panjira."

Chimwalirireni mwamuna wanga sindinkakonda kuyenda, koma iwo sindikanawakanira. Anavala jekete ndi chisoti choyera ngati tsiku la Lachisanu. Titafika pa kashopu ka makompyuta tinapeza magetsi atazima, tinakhala pa benchi tikuyang'ana utsi wa pawa siteshoni mpaka anayaka. Mwini kashopuko, Loice, mayi wapakamwa, anatipezera tsambalo.

"Nayo Malawi yanu, Khulu," anatero, kuwatcha agogo m'Chindebele. "Taonani. Mbendera ndi iyi, mapu ndi awa. Mukufuna ndikuitanireni ndani?"

"Mudzi wa Ndembo. Pafupi ndi mtsinje."

Pa mapupo panali nyanja, mizere ya malire ndi matauni ochepa. Ndinawawerengera za kukula kwa dzikolo, za fodya ndi tiyi, za zipembedzo. Ankagwedeza mutu moleza mtima, kudikira kuti tifike pa midzi. Titafika pa maina a maboma ndinawerenga onse, kenako ndinabwereza. Kasupe panalibe.

"Mwina mwadumpha," anatero. Anayandikitsa nkhope pa galasi, pomwe kuwerenga kwawo kunali kwa manambala a pa zikwangwani za mu mgodi basi. Chala chawo chinaima pa nambala ina. "Iyi ndi ya chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi zaka zimene munthu wobadwa ku Malawi amayembekezeka kukhala ndi moyo. Zinali makumi anayi ndi pang'ono chabe.

Anachotsa chala chawo pa galasipo. "Zuwena bwenzi ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi."

Loice anaseka, natsegula tsamba la Zimbabwe. "Taonani yathu, Khulu, ndi yotsika kuposa yanu. Ngati zili choncho inuyo munafa kalekale, ndipo ine mizukwa sindiilola kukhala pa mipando yanga."

"Ine sali kundiwerenga," anayankha osaseka. "Uko ndinachokako, kuno chitupa changa chimati mlendo. Palibe buku lomwe ndilimo, n'chifukwa chake ndinatsala."

Pobwerera ndinayesa kuwafotokozera. Ndinati nambala imeneyo ndi yapakatikati, amaphatikiza makanda ofa asanayende, anyamata ofa ndi matendawa ngati Davison, ndi nkhalamba zomwe, kenako n'kugawa. Ndinati nkhalamba zilipo ku Malawi monga zilili kuno. Anandimvera mpaka ndinamaliza.

"Mwanangu, mu 1972 munali kuti?"

"Ndinali mwana, Bambo."

"Ine tsiku lomwe mgodi wa Kamandama unaphulika ndinali pamwamba, chifukwa cha chilonda cha pamwendo. Tinaima pakhomo pa mgodi, akazi akungoti mwina, mwina, mwina wanga ali pena akupuma. Anthu a mu ofesi anatchula nambala, mgodi unatsekedwa. Munamvapo kuti mmodzi anatulukamo? Za malipiro atha kukunamiza. Za akufa sanama."

Lamlungu lotsatira ndinafunsa kutchalitchi, ndipo mayi wina amene anapitako ku Malawi anandiuza kuti Kasupe alipo, anangomusintha dzina kukhala Machinga. Ndinapita kukawauza ndisanavule n'komwe nsapato. Anandithokoza, kenako anati malo sasintha dzina eni ake akadalipo.

Patapita milungu ingapo anauza Mansur kuti ulendo walephereka, m'malo mwake akufuna sadaka ya mlongo wawo, chakudya ndi mapemphero a womwalira. Mansur sanatsutse. Ndikuganiza kuti ulendowo unkamulemera kuyambira pachiyambi. Mkazi wake anapeza mpunga pang'ono kwa amayi ogula katundu ku Zambia, nkhuku ziwiri zinazingidwa, ndipo ine ndinathandiza kutsuka mbale kuseri. Shehe anafunsa kuti malemuwo anamwalira liti.

"Mulungu ndiye akudziwa," anatero Che Uledi.

"Nanga uthenga unabwera ndi ndani?"

"Boma."

Shehe anawayang'ana, anayang'ananso Mansur, amene anaweramitsa mutu. Anthu anali atakhala kale pa mikeka, ena mwa iwo asanalawe mpunga chaka chonsecho. Mapemphero anachitika.

Kuyambira pamenepo Che Uledi analeka kutchula za kumudzi. Ankakhala padzuwa pakhomo, kutsokomola, kulonjera odutsa m'Chilapalapa, chilankhulo cha mu mgodi, ngati akadali pa shifiti. Ndikawapatsa moni ankayankha mwaulemu, koma sanandiitanenso kuti ndiwamasulire kanthu.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndipo monga mwa mwambo wawo anaikidwa tsiku lomwelo. Amuna atanyamula jeneza, chithatha cha maliro, ife akazi tinatsala pabwalo. Asanatuluke pa geti, bambo wina wachikulire wa kumzikiti anamuimitsa Mansur n'kumufunsa m'Chichewa ngati uthenga wa maliro watumizidwa kumudzi. Mansur anayankha m'Chindebele kuti kulibe wowutumizira, bambo ake ananena okha. Bamboyo anagwedeza mutu, ndipo anatsatira anzake kumanda.