Zimene Atsibweni Sanatchule Kumanda

"Kodi m'mbiri yake mutchulamo za ntchito ija?" Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana nafe, kusanache, tikukoleza moto kuseri kwa nkhokwe. Mwana wanga anali kumsana, zala zitauma ndi chisanu.

Mng'ono wanga Felisita anali asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mota, njinga yamoto imene anakwera pochokera ku Tsangano, inagwa pamtsetse, iye n'kufera pomwepo. Kusukulu anali akitivista, ankaphunzitsa anzake za mimba zaubwana, za matenda, ngakhale za makondomu. Akuluakulu ena ankati mwana wamkazi sayankhula zoterezo.

Kutacha, nkhungu inakuta minda ya mbatatesi. Azimayi amene anachezera kuimba anatuluka mawu atasasa. Anthu anayamba kufika, ena pashapa, timaminibasi tathu tija, ena wapansi kuchokera ku Ntengo-Wambalame. Atsikana akusukulu anabwera ndi zidebe pamutu, osatumidwa, mpaka migolo yonse inasefukira. Ena ndinawazindikira. Ankabwera kuno ngati akudzabwereka sefa, n'kukakhala ndi Felisita kuseri kwa khola, kumanong'onezana. Ine ndinkakalipa kuti akumuchedwetsa ntchito.

Masana tinanyamuka. Anyamata a m'kalasi mwake analandizana bokosi mpaka kumanda. Atsibweni anaimirira kunena mbiri. Anati Felisita anabatizidwa, ankaimba kwaya, ankathandiza mayi ake kumunda. Anakhosomola, n'kukhala pansi. Ndinayang'ana atsikana aja, onse atawerama. Ndinafuna kutchula za ntchito ija, koma pamaso pa atsibweni ine ndine mwana, ndipo dothi linali litayamba kale kugwera pabokosi.

Anthu atabalalika, mtsikana wina anatsalira, akutsuka mbale zotsukatsuka kale.

"Mana," anandiitana ngati mkulu wake, osandiyang'ana, "Felisita anati Lolemba andiperekeza kuchipatala. Mwezi sindinauone kawiri. Amayi sakudziwa."

Ine sukulu ndinalekera panjira, mawu amene Felisita akanamuuza ndinalibe. Ndinalakalaka atatulukira pakhomopo, akuseka monga ankachitira, andichotsere katunduyu. Ndinangoti, "Lolembalo ulawire. Udzandiberekere mwanayu, anthu adzati tikupita kusikelo."

Anagwedeza mutu movomera, n'kupita.

Tsopano nyumba ili zii, pabwalo patsala phulusa ndi mafuwa. Amayi ataya mwana wawo wotsiriza. Ine ndataya mng'ono wondilandira mwana ndikatopa. Atsikana a mudzi uno ataya munthu amene ankatha kumufunsa chilichonse.