Kukayeza Zitsime za ku Makhanga

Ndinanyamuka pa Dyeratu, ku Chikwawa, cha m'ma sikisi m'mawa, bokosi langa lili pamwendo. Minibasi ya ku Bangula inali K5,000, ndipo kondakitala anafuna kuti bokosilo alimangirire kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Ndinakana.

M'bokosimo munali kachipangizo kamene tinapanga kukoleji kumene ndimagwira ntchito: kagalasi kosalala, pansi pake maginito oyendetsedwa ndi batire. Pagalasipo umaikapo kadontho ka madzi a pachitsime, pambali pake kadontho ka mankhwala kosakaniza ndi fumbi la chitsulo. Maginito amakoka kachiwiriko mpaka tiwirito tikumane. Tikafiira, ndiye kuti klorini wopha tizilombo m'madzimo ndi wokwanira. Ku Makhanga madzi osefukira anali atalowa m'zitsime, anthu atayamba kutsegula m'mimba, ndipo mankhwala oyezera anali atatsala ochepa.

Pa Nchalo tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Ndinagula chimanga chootcha. Mayi wina amene ndinakhala naye anagogoda bokosilo.

"Muli nkhuku umu?"

"Ayi mayi, ndi makina."

"Makina osalira? Ndiye ndi aulesi."

Tinafika pa Bangula dzuwa lili pamutu. Kabaza ananditula pa Mtayamoyo, pomwe msewu unathera m'madzi. Bwato linali K2,000. Pakati pa ulendo linawomba chitsa chobisika, madzi n'kukhavukira mkati. Ndinakweza bokosi pamutu, koma mochedwa.

Kutsidya anandilandira a Nyakuipa, mlangizi wa zaumoyo. Pachitsime choyamba tinapeza amayi ambiri atandanda ndi zidebe. Ndinayatsa makina. Zii. Batire inali itamwa madzi.

"Ndiye tiwauze chiyani anthuwa, achemwali?" anafunsa a Nyakuipa chapansipansi.

Ndinafunsa ngati pali wina ali ndi wailesi yakufa. Bambo wina wokonza ukonde pamthunzi anapita kunyumba, n'kubwera ndi sipika yadzimbiri. Tinagumula maginito ake ndi mpeni. Ndinawayendetsa ndi dzanja pansi pa galasi, pang'onopang'ono. Kadontho kakuda ka fumbi la chitsulo kaja kananyamuka ngati nyerere, n'kukalowa m'kanzake.

"Kakuyenda kokha!" anakuwa mayi wina, ena n'kubwerera m'mbuyo.

Tinadikira. Sikanafiire. Ndinabwereza kawiri, chimodzimodzi.

A Nyakuipa anatembenukira kwa amayi aja n'kuwauza m'Chisena kuti asatunge mpaka m'chitsimemo muthiridwenso klorini. Panali kung'ung'udza, poti chitsime china chili kutali, kuseri kwa sukulu. Tinapita nawo komweko. Kumeneko kadontho kanafiira msanga, ndipo mayi wachikulire amene anadandaula kwambiri njira yonse anali woyamba kuponya chingwe.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, osandiyang'ana n'komwe.

Kukoleji tinatha miyezi tikukangana za mawaya, koma palibe anafunsapo kuti bokosilo lidzawoloka bwanji Shire. Ndinagona ku Makhanga masiku atatu, ndipo zitsime zonse zotsala tinaziyeza ndi dzanja.