Mitengo ya Pamanda a Eness

A Dunstan Kaphiri adafika ku Nairobi mu 1998, ataitanidwa ndi wansembe wina amene ankamuphikira ku Dedza. Wansembeyo adabwerera kwawo kalekale, koma a Dunstan adatsala m'khitchini yomweyo ku South B, kuphikira ansembe obwera ndi opita. Sayankhulayankhula. Chiswahili chawo n'cha pamsika ndi m'maminibasi aja amati matatu basi.

Akazi awo, a Eness, adamwalira mu 2019 ndipo adakaikidwa kwawo ku Linthipe. Chizindikiro cha manda chinali mtengo wa mbawa, wachitatu kuchokera kunjira, m'kankhalango kowirira pakati pa minda. Mu 2022 a Dunstan adapita kukamanga chiliza. Adapeza mtetete. Zitsa zina zinali zitazulidwa, mitumbira itafafanizika ndi mvula ndi ng'ombe. Adazungulira tsiku lonse osadziwa pogwada, ndipo simenti idaumira m'matumba.

Woyang'anira za banjalo anali a Medson, mlongo wawo wa malemuwo, amene amagwira ntchito ku Westlands, mu Nairobi momwemo, kubungwe lina lodzala mitengo.

"Alamu, inali mphepo ya mu Januwale ija," adatero a Medson. "Idagwetsa zonse. Anthu adangotola nkhuni."

A Dunstan adagwedeza mutu. Koma zitsa zotsalazo adali ataziona: zinali zosalala, zodulidwa ndi macheka. Adaonanso nyumba yatsopano ya a Medson kumudziko, ya njerwa zopsa bwino. Kumudzi palibe adafuna kutsegula pakamwa. Choncho adabwerera ku Nairobi, ndipo Lamulungu lililonse ankapatsana moni ndi alamu awowo pakhomo pa tchalitchi, namadikira.

Chaka chatha kunyumba ya ansembeko kudafikira mlendo, mayi Bessie Nyirenda, a za nkhalango ku Malawi, amene adabwera kudzaphunzira za mapu ku Kasarani. M'mawa wina akumwa tiyi adanena kuti ena mwa aphunzitsi awo ngochokera kubungwe la boma la Kenya loona za mlengalenga.

"Aja adaponya kachitsulo kumwamba aja?" adafunsa a Dunstan. Adamva pa wailesi mu 2023 za setilaiti ya Taifa-1, ndipo adaseka. "Akufuna kumwezi?"

"Mwezi wa chiyani, bambo? Anthuwa maso awo ali pansi. Chimanga, madzi osefukira, nkhalango. Bungwe lake si lakale ayi, koma lero akutiphunzitsa ife kuwerenga zithunzi zojambulidwa kumwamba."

A Dunstan adaika thipoti pansi.

"Zithunzizo zimakhala ndi tsiku?"

"Chilichonse."

"Ngakhale za kwathu? Zakale?"

"Zakale n'za masetilaiti a maiko ena, koma aliyense angazione. Kungodziwa pozipeza."

Lachinayi lotsatira a Dunstan adapempha tchuthi, chimene ansembe sadachimvepo. Adavala jekete nakwera matatu ya mu Thika Road. Pa nthawi ya nkhomaliro mayi Bessie adawakhazika pakompyuta. Linthipe adaoneka wofiirira, msewu ngati ulusi, ndipo apo ndi apo panali timadontho takuda.

"Awa ndi manda," adatero mayiwo. "Kwathu kuja pamene patsala mitengo ndi pamanda pokha. Anu ndi ati?"

A Dunstan adatsata mtsinje ndi chala mpaka adaima.

Seputembala 2021, kadontho kalipo. Kumapeto kwa Okutobala, palibe. Mvula inali isanagwe, ndipo Januwale anali kutali.

"Kuzani chakalecho," adatero, mawu atatsika. "Ndione mbawa ija."

Mayi Bessie adakuza. Nkhalango ija idasanduka timabokosi tobiriwira.

"Mtengo umodzi sungaoneke, bambo. Pepani."

A Dunstan ankayesa kuti abwerako akudziwa pogona akazi awo.

"Ndisindikizireni," adatero pomaliza. "Chilichonse kawiri. Zazikulu."

"Mukazitani?"

"Alamu anga amakonda mitengo."

Adadikiranso miyezi inayi. Pa 6 Julaye Amalawi a mu Nairobi adasonkhana m'holo ya tchalitchi kukumbukira ufulu wa dziko lawo, ndipo a Medson adapatsidwa mpata woyankhula. Adanena za mapiri a kwathu amene atsala mbee, nadzudzula anthu osaganizira zidzukulu. Anthu adawomba m'manja.

A Dunstan adatuluka kukhitchini ali chivalire epuloni. Adamata zithunzi ziwiri pakhoma, kumbuyo kwa a Medson, modekha, ngodya iliyonse payokha.

"Achimwene, ndi mapu a chakudya amenewo?" wina adafuula, anthu naseka.

"Ndi manda a ku Linthipe," adatero a Dunstan. "Ichi n'cha Seputembala. Ichi n'cha Okutobala. Masiku alembedwa m'munsimu. Alamu, mphepo ija mudati idaomba liti?"

Ophunzira awiri adadzuka kukawerenga masikuwo. A Medson adayandikira, nanong'ona.

"Alamu, izi n'za kubanja. Tiyeni panja."

"Kunja kukuzizira."

"Ndakupemphani."

"Chabwino. Ndiuzeni pamene pagona mlongo wanu, ndizimatula pompano."

A Medson adayang'ana chithunzi chopanda kadontho chija. Amayi a kumpando wakutsogolo adayamba kung'ung'udza, ndipo mmodzi, amene ankaidziwa nyumba yatsopano ya a Medson kumudzi, adati mokweza, "Kuotchera njerwa mitengo ya kumanda? Ine ayi!" Mkulu wa msonkhano adatenga maikolofoni m'manja mwa a Medson mwakachetechete.

"Mwakhutira?" adafunsa a Medson.

"Ayi," adatero a Dunstan. "Zinzake ziwiri adanyamula mayi Bessie. Zili m'manja mwa adzukulu okumba manda ku Linthipe, ndipo akuti akufuna kukuonani. Mukawayankhule bwino. Ndi omwewo adzakumbe anu."

Adapukuta manja paepuloni, nabwerera kukaona ngati nyemba zapsa.