Azakhali ndi Khutu Langa Lakumanzere

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene dzina langa loti Yusufu linatsala pang'ono kuiwalika kwathu ku Senga Bay. Aliyense ankangonditchula kuti Wosamva. Amayi akandituma mchere kugolosale, ndinkabwerako ndi machesi. Kusukulu aphunzitsi anandikhazika kumbuyo kwenikweni, ndipo chikwapu sichinkandiphonya. Bambo, omwe anali msodzi, anafika ponena kuti chaka chikatha ndisiye sukulu ndizikawathandiza kukoka khoka, poti mutu wanga sunkagwira.

Chaka chomwecho, nyengo ya mwera, kunabwera azakhali anga a Asiyatu, mlongo wawo wa bambo. Ife ana tinkangomva mbiri yawo. Anakulira pagombe pomwepo, akuyanika usipa pathandala ngati atsikana ena onse, koma sukulu anailimbikira mpaka anakafika ku yunivesite, kenako kunja, kumene anakaphunzira za mmene khutu la munthu limamvera. Atabwerera kuno, ankayenda m'zipatala ndi m'masukulu kufufuza zimene zimagonthetsa ana. Anthu kwathu sankamvetsa kuti munthu angathe zaka zonsezo akuphunzira khutu lokha, ndipo ankawaseleula kuti mwina akadzamaliza adzayamba mphuno.

Iwo sankakhumudwa nazo, anali mayi wansangala. Tsiku lina masana tikudya chambo pakhonde, anaswa mutu wa nsombayo n'kutulutsamo timiyala toyera, tating'ono ngati mpunga. Anatiuza kuti nsomba imamvera timiyala timeneti, ngakhale ilibe makutu akunja. Ine ndinakhala moyandikana nawo, koma mawu awo ankandifika modukaduka, choncho ndinapotoza khosi lonse kuti ndiwatchere khutu lakumanja. Azakhali anasiya kudya n'kundiyang'anitsitsa.

Atasamba m'manja anatulutsa m'chikwama mwawo kachitsulo ka mphanda. Anakamenya pabondo, kanayamba kulira ngati udzudzu. Atakayandikiza kukhutu lakumanja ndinakamva bwinobwino, koma kumanzere kunangoti zii. Kenako anakamenyanso n'kukagunditsa pamphumi panga, nandifunsa kumene kankalirira. Ndinadabwa kwambiri. Kulira konse kunali m'khutu lakumanzere lomwelo, lomwe linali litangokana kumene. Ndinayamba kuseka, iwonso anaseka nane.

Anandifotokozera kuti mkati mwenimweni mwa khutulo munali bwino, kungoti njira yolowera mawu inali itatsekeka. Ataunikamo ndi katochi anapeza phula louma ndi mafinya. Ndinali nditazolowera kusambira m'nyanja tsiku lililonse khutu likuwawa, osauza munthu. Lakumanja nalonso linali litayamba kudwala.

"Achimwene," anatero polankhula ndi bambo, "mwanayu si wamwano ayi. Mwakhala mukumukalipira chifukwa cha mawu omwe sanamufike n'komwe."

M'mawa mwake bambo omwewo anandikweza minibasi kupita nane kuchipatala ku Salima. Kumeneko ananditsuka m'makutu, anandipatsa mankhwala odontheza, n'kundiletsa kusambira kwa kanthawi, zomwe zinandiwawa kuposa jekeseni. Pobwerera ndinadandaula kuti minibasiyo ikusokosa kwambiri, pamene inali yomwe ija tinakwera popita. Bambo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo titatsika anandigulira mandasi otentha. Sabata yomweyo azakhali anakacheza ndi aphunzitsi anga, ndipo anandisamutsira kutsogolo. Ndinadabwa kuona kuti masamu sanali ovuta mmene ndinkaganizira, ndinkangomva theka lake. Nkhani yosiya sukulu sinatchulidwenso pakhomo pathu.

Azakhali anapitiriza kafukufuku wawo mpaka imvi zinamera, ndipo anaphunzitsa achinyamata ambiri kuyeza makutu a makanda. Pano anapuma pantchito, akulima mpunga ku Lifuwu. Nawonso masiku ano amavala kamakina kothandiza kumva, ndipo amati ubwino wake ndi woti adzukulu akayamba kukangana amangokazimitsa.

Ine ndinadzakhala mphunzitsi. Sayansi yawo inandikanika, koma ndinatengera chizolowezi chawo chofufuza kaye asanaweruze munthu. Mwana akamandiyang'ana pakamwa m'malo moyang'ana pabolodi, kapena akayankha zosiyana ndi zomwe ndafunsa, sindithamangira kukwiya. Ndimapita kukaima pafupi naye n'kubwereza funso lija pang'onopang'ono. Nthawi zambiri yankho amakhala ali nalo.