A Eduardo ndi Nyimbo ya Chisankho

A Eduardo, Mlomwe, anaoloka malire pa Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, akadali mnyamata. Anapeza ntchito yothyola tiyi, nakwatira mayi Rosie, Myao wa pa Chitakale. Masiku amenewo Chilomwe ankachiyankhulira m'nyumba mokha, poti pamsika anthu ankakuseka kuti Mnguru.

Gule wa tchopa yekha ndiye sanamusiye. Anamuphunzira kwa atsibweni awo ku Milanje, m'dziko la Mozambique, ndipo Lamulungu masana ankasonkhanitsa anzawo kuseri kwa nyumba za pa esiteti, iwo ali pang'oma yaikulu.

Zinthu zinatembenuka iwo atamera imvi. Chilomwe chinayamba kumveka pawailesi, gulu lawo n'kumatengedwa pa lole kukavina kumisonkhano ya chikhalidwe. Tsiku limene anaona mabwana a masuti akupatsana moni m'Chilomwe, a Eduardo anagwetsa misozi.

Chisankho chitayandikira, kunabwera a Harold, amene ankakopera anthu munthu wina wofuna uphungu. Anabweretsa zitenje ndi nyimbo yopekeratu, yonena kuti dera lino ndi la Alomwe, obwera akaime kwawo.

"Obwerawo ndi ati?" anafunsa a Eduardo.

"Aa, madala, ndi ndale chabe izi. Inu muzingoimba ng'oma."

"Ine ndinabwera wapansi kuchokera ku Milanje. Akazi anga ndi Ayao. Ndiye ndiimbe kuti achoke ndani?"

Gulu linagawikana. Achinyamata ambiri anatsatira a Harold, natenga ng'oma ziwiri. A Eduardo sanawanenere zoipa. Achinyamatawo anali atangoyamba kumene kunyadira mtundu wawo, ndipo amene anawapatsa bwalo anali andale omwewo. Ichi ndicho chimawasautsa a Eduardo mpaka lero, chifukwa amadziwa kuti popanda andale, mwina tchopa akanafera konko kuesiteti.

Pano anapuma ntchito, amalima chinanazi ndi nandolo. Amavina ndi akuluakulu anzawo ochepa pa maukwati ndi popereka nsembe za mvula. Ena mwa opita aja anabwerera, ena ayi.

Chaka chatha mwana wawo Dyna, amene amagulitsa kaunjika pa Boma, anawafunsa kuti iye azidzitchula mtundu wanji, popeza aliyense tsopano amafunsa.



"Mwana ndi wa kuchikazi, ndiwe Myao iwe," anatero a Eduardo. "Koma wokuletsa kuvina tchopa adzayambe waonana ndi ine."