Bokosi la Injini Lomwe Tinasinthanitsa

"Koma aneba, galimoto yanuyi mwaikhazika panjerwa kuti iswe anapiye?"

Anandifunsa choncho mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu kuno ku Area 1, amene amakazinga samusa pakhonde m'mawa uliwonse. Ine n'kuti ndikuchapa matewera pampopi. Ndinaseka nawo, pakuti nkhuku zawo zimaswera ndithu pansi pa galimotoyo. Kenaka ndinapitiriza kuchapa. Nkhani ya galimotoyo ndi yaitali.

Galimotoyo ndi yaing'ono, ya mipando isanu ndi iwiri. Tinaigula titaphatikiza thukuta. Bambo a kunyumba anasunga zomwe ankapeza poyendetsa minibasi ya eni, ine ndinagulitsa benchi langa la kaunjika ku Msika wa Tsoka pamodzi ndi mpamba wonse. Ntchito yake inali yonyamula ana a ku Area 12 kupita nawo kusukulu ndi kukawatenga masana. Makolo a kumeneko safuna kuti mwana wawo aziyenda ndi mwamuna yekha, n'chifukwa chake ine ndinkakhala kumbuyo, khanda langa pamiyendo, kumanga zingwe za nsapato, kupukuta mamina, kuleretsa ndewu zolimbirana windo. Alonda a m'mageti ankatidziwa ndi kulira kwa hutala. Sitinkalemera ayi, koma lendi sinkatisowetsa tulo.

Kenaka mafuta anayamba kuvuta. Bambo ankaswera pamzere wa petulo, ndipo pamzere ndi pomwe amuna amagawana nzeru zomwe iwo eni sanaziyesepo. Tsiku lina anabwerako nkhope ili ngwee.

"Amake mwana, kuli mkulu wina kuseri kwa mashopu a zitsulo uko. Amatchuna injini ndi laputopu. Akuti galimoto imasiya kumwa mafuta, imangonunkhiza."

"Nanga yathuyi yadwala chiyani?"

"Sinadwale. Koma imamwa."

"Ngakhale mwanayu amayamwa. Timuchepetsere?"

Anaseka, ine n'kumayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Loweruka lake anati ndiwaperekeze.

Pansi pa dashibodi, kumapazi kwa wokwera, kuli bokosi lachitsulo lokhala ndi mawaya ambirimbiri. Ndi limene limauza injini kuchuluka kwa mafuta oti imwe ndi nthawi yoyatsa moto, ndipo china chikalakwika limayatsa kagetsi kachikasu kuti woyendetsa aime. Zonsezi ndinazimva tsiku lomwelo kwa mwini laputopuyo. Malaya oyera, zikhadabo zopanda girisi, Chizungu chili mbwee. Anati bokosi la kufakitale ndi louma mutu, silimva kuuzidwa, koma lake lochokera ku Joni limamvera laputopu, ukaliuza kuti lichepetse mafuta limachepetsadi. Anationetsa mizere yofiira ndi yobiriwira ikukwera ndi kutsika pagalasi, bambo akungogwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.

Mtengo wake unatikanika. Apa ndi pamene panalowa chizolowezi chathu cha m'tauni muno. Foni ikakalamba sitiisunga, timakaisinthanitsa n'kuwonjezera kangachepe. Wailesi chimodzimodzi, ngakhale batire la galimoto. Ndiye mkuluyo atanena kuti, "Basi bwana, siyani lakalelo, muwonjezere pang'ono tithane," bambo anaona ngati awachitira chifundo.

Ine ndinati, "Pepani achimwene, lakalelo titenge. Latsopanoli likadzavuta tidzabwezeretsepo."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana bambo. "Bwana, madamu akufuna akaphikiremo ndiwo?"

Amuna omwe anakhala pamatayala anaseka mpaka wina anatsamwa chimanga chootcha. Bambo anandinong'oneza kuti ndisawayalutse pagulu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuyamwitsa mwana. Kwathu anandilanga kuti mwamuna sumutsutsa pa anthu, ndipo mwambowo ndilibe nawo mangawa. Amene ndili naye mangawa ndi munthu woudziwa bwino mwambowo n'kuutenga ngati sipanala yomasulira katundu wa eni ake. Iye anaona kuti ndanena zoona. Anangosankha njira yonditsekera pakamwa, ndipo inatheka.

Masiku oyambirira mafuta ankachedwadi kutha. Bambo ankayendetsa akuimba nyimbo za kwaya. Koma pachitunda, ana atadzaza, injini inayamba kulira ngati mwaponya timiyala m'chitini. Kumapazi kunkatentha. Kamtsikana kena kanandikoka chitenje n'kunena kuti, "Anti, muno mukununkha ngati ayironi yoiwalidwa pamalaya." Kagetsi kachikasu kaja sikanayake. Kale kankayaka ukangotembenuza kiyi kenaka n'kuzima, kusonyeza kuti kali maso. Tsopano kanali zii.

Tinabwerera kwa mkulu uja. Analumikiza laputopu, kudina apa, kudina apo, n'kunena kuti bokosilo likuphunzira kaye, komanso mwina tinathira mafuta a m'zigubu. Za kagetsi anati anakatseka dala chifukwa kamangoopseza anthu pachabe. Apa sindinadikire kuti wina andilole kuyankhula.

"Tibwezereni lathu, lanulo tengani. Zomwe tinawonjezera zikhale zanu, sitikuzifuna."

"Mayi, inu mukasinthanitsa foni mumabwereranso kudzaitenga? Linapita kalekale limenelo. Mabokosi a kufakitale sagonera, anthu amachita kulimbirana."

Mwamva? Bokosi louma mutu lija, loti ndikaphikiremo ndiwo, ndi lomwe anthu amalimbirana. Ananena yekha, maso ali gwa, osachita ngakhale chibwibwi.

Tinazungulira mashopu a sipeya mpaka miyendo kuwawa. Lofanana nalo tinalipeza, koma mtengo wake unaposa zonse zomwe tinapereka kwa mkulu uja, ndipo anati liyeneranso kugwirizanitsidwa ndi kiyi, yomwe ndi ntchito ina yolipira. Tinalibe. Kuimika galimoto kunali kutaya ana, pakuti makolo analipira kale mwezi umenewo ndipo sakanamva za bokosi. Tinagwirizana kuti tiziyenda pang'onopang'ono, kuzemba zitunda, mwezi ukatha tikagule.

Mwezi sunathe. M'mawa wina, tikudutsa ku City Centre, injini inagogoda ngati munthu akumenya chitseko ndi mwala, utsi n'kutuluka m'boneti, basi n'kuzima. Ndinatsitsa ana onse n'kuwaimika pakapinga atagwirana manja, khanda langa lili kumsana, anthu a m'maofesi akutiimbira mahutala ngati tinaima dala. Bambo anatsegula boneti n'kungoima, manja ali m'chiuno. Ine ndinayamba kuimbira makolo mmodzimmodzi. Mayi wina anafika atavala za kuntchito. Sanakalipe. Anakweza ana m'galimoto yawo, n'kutsitsa galasi: "Pepani kwambiri. Mukakonza mutiuze." Ku Area 12 mawu aulemu otere amatanthauza kuti Lolemba pageti padzaima galimoto ina, ndipo inaimadi. Sindiwada. Nanenso wanga sindingamukweze m'galimoto yofuka utsi.

Makaniko wathu wakale, amene tikanayenera kumufunsa poyamba, anamasula injini n'kutionetsa pisitoni itabooka pamwamba, m'mbali mwake mutasungunuka. Anati inkamanidwa mafuta n'kumapsa m'kati, ndipo kagetsi kakanakhala kamoyo tikanaima zisanafike apa. Kukonza anati kulibe, pakufunika injini ina, ndipo injini inayo idzafunanso bokosi la kufakitale.

Bambo anakana kupitanso kuseri kwa mashopu kuja. Manyazi anawadya, chakudya ankangochitosa. Ndinapita ndekha, mwana kumsana. Kupolisi tikanakanena chiyani? Bokosilo tinapereka ndi manja athu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Ine ndinkangofuna kuti mkulu uja avomere pamaso panga kuti anatipweteka.

"Ine ndinatchuna bwinobwino, mayi. Amuna anuwo ali ndi phazi lolemera." Anatero akudina laputopu yake. Kenaka anadzutsa mutu. "Koma ngati galimotoyo yakutopetsani, ndigulitseni. Zitseko ndi magalasi ndili ndi makasitomala ake."

Munthu wapha mbuzi yako, akubwera kudzakufunsa mtengo wa chikopa. Ndikanakhala wina ndikanaigwetsera pansi laputopuyo, koma mwana anali atagona, ndipo za kupolisi zikanagwera ine.

Pambali pake panaima bambo wina wa takisi, chitseko cha galimoto yake chili chotsegula, mawaya ali lendelende pansi pa dashibodi. M'manja ananyamula bokosi lake la kufakitale, atangolimasula kumene. Ndinamuyandikira.

"Achimwene, chonde, zinazo chitani mmene mwafunira, koma limeneli musasiye. Pitani nalo kunyumba, mukaliike pansi pa bedi. Ife tinasiya, pano galimoto ili panjerwa."

Anandiyang'ana. Ndinaona kuti mawuwo alowa, chifukwa analikumbatira bokosilo pachifuwa. Kenaka wina pamatayala paja anakuwa kuti, "Aise, wayamba kutchunidwa ndi azimayi a eni?" Onse anaseka. Iyenso anaseka nawo mokakamiza, n'kunena kuti, "Amayiwa angokwiya basi." Analipereka ine ndikuona. Mkulu uja analilandira, n'kuliponya m'katoni momwe munali ena.

Ndinabwerera wapansi, kudutsa pakati pa anthu ogulitsa zovala m'mbali mwa msewu, osaona nkhope ya aliyense. Pano bambo anabwerera ku minibasi ya eni, amachoka kusanache. Matayala tinamasula n'kulowetsa m'nyumba kuopa akuba. Ine ndimachapira anthu zovala ndikapeza, ndipo sindinawanenepo bambo kuti ndinakuuzani, chifukwa akudziwa okha.

Zomwe zinapita ndi izi: bokosi lathu, injini, ana onse a ku Area 12, ndi benchi langa la ku Tsoka, pomwe pano pali munthu wina akugulitsa nsapato.